Chilembo chimodzi chomwe chinandidyera gawo la phindu pa masheya a Shell

M'chaka cha 2018, nditakhala ku Britain kwa nthawi yokwanira kusungako kandalama, ndinaganiza zogula masheya a kampani ya mafuta, ndipo mtima wanga unagwa pa Royal Dutch Shell chifukwa cha mbiri yake yogawira eni masheya phindu mosadukiza. Nditalemba dzina la kampaniyo pa kompyuta, panatuluka mizere iwiri, wina wa RDSA ndi wina wa RDSB. Mtengo wa A unali wotsikirako pang'ono, ndipo ine, pokhala munthu woleredwa ndi mayi amene sankagula ndiwo asananenerere, ndinasankha wotsika mtengowo n'kumadziona ngati wochenjera. Kuchenjerako kunaoneka malire ake patapita miyezi itatu, pamene phindu loyamba linalowa mu akaunti yanga litachepa ndi 15 peresenti poyerekeza ndi zimene ndinawerengera.

Palibe amene anandinamiza, pakuti zonse zinali zolembedwa poyera, koma ineyo ndi amene sindinawerenge. Masheya a A ndi a B anali ofanana pa mphamvu ya voti pa misonkhano ya eni masheya komanso pa kuchuluka kwa phindu limene kampani inkalengeza, lomwe pa nthawiyo linali masenti 47 a dola ya ku America pa sheya imodzi miyezi itatu iliyonse. Kusiyana kwake kunali pa njira imene ndalamazo zinkadutsa. Phindu la masheya a A linkatengedwa kuti lachokera ku Netherlands, choncho boma la kumeneko linkadulapo msonkho wa 15 peresenti ndalama zisanafike kwa mwini wake, pamene phindu la masheya a B linkadzera m'dongosolo lapadera lolichititsa kuti lichokere ku Britain, dziko limene silidula msonkho wotere pa gwero. Munthu wokhala ndi masheya 100 a A ankasiya madola 7 ndi masenti ochepa pa madola 47 aliwonse, ndipo pa chaka ndalama zotsalira m'njirazo zinkapitirira madola 28. Kwa Mdatchi zimenezi sizinali zodandaulitsa kwenikweni chifukwa ankatha kuchotsera ndalamazo pa msonkho wake wa pachaka, koma kwa ine zinali ngati kuthira madzi m'dengu.

Chiyambi cha zilembo ziwirizi chili kutali. M'chaka cha 1907, kampani ya Royal Dutch Petroleum ya ku Netherlands ndi ya Shell Transport and Trading ya ku Britain zinagwirizana kuchita malonda pamodzi, yoyambayo n'kutenga magawo 60 pa 100 ndipo inayo magawo 40, koma iliyonse inakhalabe ndi eni masheya ake ndi akuluakulu ake. Banja la makomo awirili linatha pafupifupi zaka 100, kufikira mu 2004 pamene kampaniyo inavomera kuti inakokomeza ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kuchuluka kwa mafuta otsimikizika amene inali nawo pansi pa nthaka, nkhani imene inachotsetsa pa udindo wapampando Philip Watts. Anthu ambiri ananena kuti utsogoleri wa mitu iwiri unathandiza kubisa vutolo, motero mu Julayi 2005 makampani awiriwa anasanduka kampani imodzi yolembetsedwa ku England koma yokhala ndi likulu ku The Hague, n'kumakhoma msonkho ku Netherlands. Eni masheya a Royal Dutch analandira masheya a A, ndipo a Shell Transport analandira a B, n'cholinga choti Angelezi asayambe kudulidwa msonkho wa Adatchi umene sankaudziwa kale. Nditamvetsa zimenezi ndinagulitsa masheya anga a A n'kugula a B, ndipo ndalama zolipira wondigulira komanso msonkho wa hafu peresenti umene boma la Britain limatenga pogula masheya zinandidyanso kachiwiri.

Ndiyenera kunena kuti kusankha chilembo choyenera sikunanditeteze ku tsoka la malonda a mafuta enieniwo. Mu Epulo 2020, mliri wa COVID-19 utaimitsa ndege ndi magalimoto, Shell inadula phindu lija kuchoka pa masenti 47 kufika pa 16, koyamba chithere nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo mwini A ndi mwini B analira maliro amodzi. Msonkho umene ndinkaudandaula uja unali wochepa kwambiri pouyerekeza ndi magawo awiri mwa atatu a phindu amene anapita tsiku limodzi.

Zilembozo pano kulibenso. Boma la Netherlands, lotsogoleredwa ndi nduna yaikulu Mark Rutte, linayesa kuthetsa msonkho wa pa phindu la masheya koma linabwerera m'mbuyo mu 2018 anthu atakwiya, ndipo mu Novembala 2021 Shell inalengeza kuti isamutsira likulu lake ku London n'kuphatikiza masheya onse kukhala mtundu umodzi. Eni masheya anavomereza mu Disembala, ndipo pofika kumapeto kwa Januware 2022 mawu akuti Royal Dutch anali atachoka, kampani n'kukhala Shell plc, masheya ake n'kumadziwika ndi chizindikiro chimodzi cha SHEL. Amene anagula A n'kupirira anangodzuka m'mawa wina msonkho uja utawachokera.

Nkhani ya mitundu ya masheya sinathere pa Shell, ndipo chimene chimasokoneza anthu n'chakuti m'kampani ina kusiyanako kumatanthauza chinthu chinanso. Kampani ya Petrobras ya ku Brazil ili ndi masheya a PETR3, amene ali ndi voti, ndi a PETR4, amene kawirikawiri alibe voti koma amakhala patsogolo pogawa phindu. Boma la Brazil lili ndi masheya ovota opitirira theka, kutanthauza kuti ngakhale munthu wamba atagula a PETR3, voti yake singasinthe mtsogoleri wa kampani kapena mtengo wa dizilo ngati boma latsimikiza mtima. M'maganizo mwanga, kulipira ndalama zoonjezera pofuna voti imene singapambane n'kugula ulemu wopanda ntchito, ngakhale ndikudziwa kuti mabungwe akuluakulu osunga ndalama za penshoni ali ndi zifukwa zawo zofunira mpando pa msonkhano. Chondidetsa nkhawa pa Petrobras si chilembo ayi, koma mwini wamkuluyo, yemwe amayenera kusangalatsa ovota a m'dziko lake asanaganize za mlendo wogula masheya, ndipo kafukufuku wa katangale wa Lava Jato amene anayamba mu 2014 anaonetsa poyera mmene ndale zingalowere m'thumba la kampani.

Mchimwene wanga wa ku Blantyre atamva nkhaniyi anandifunsa ngati msampha wotere ungamupeze pa msika wa masheya wa kwathu. Ndinamuyankha kuti iye amakhudzana ndi malonda a mafuta kudzera m'masheya ake a Press Corporation, imene ili ndi gawo mu Puma Energy Malawi, ndipo kumeneko sakumana ndi A kapena B. Koma popeza akulingalira zogula masheya a kunja, ndinamutumizira mafunso amene ndimafunsa tsopano ndisanagule: kodi mtundu uwu uli ndi voti, phindu lake limadutsa m'dziko liti, ndipo ndani amadulapo lisanandifike.