Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: zaka za World of Warcraft

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinayamba ntchito. Madzulo ambiri a zaka zotsatira anathera mu World of Warcraft, masewera a pa kompyuta omwe anthu ambiri amasewera limodzi pa intaneti, ndiye gawo lino ndifotokoze momwe masewerawa amadyera nthawi, poti amene sanasewerepo amaganiza kuti ndi ngati bawo, loti ukatopa umangodzuka n'kumapita.

Kampani ya Blizzard inatulutsa masewerawa mu Novembala 2004, ndipo pofika 2010 anthu olipira mwezi ndi mwezi anakwana 12 miliyoni. Mu Ogasiti 2019 anatulutsanso WoW Classic, yotengera momwe zinalili poyamba, ndipo ndi iyo ndikunena apa.

Kukweza munthu wako wa m'masewerawa kuchoka pa level 1 kufika pa 60 kumatenga masabata, koma pamenepo nthawi ikadali yako. Zimasintha ukalowa guild, lomwe ndi gulu la osewera, n'kuyamba ma raid, nkhondo zomwe mumamenya pamodzi ngati gulu. Ku raid yotchedwa Molten Core kumalowa anthu 40: ma tank ochepa oima kutsogolo kulandira nkhonya za boss (mdani wamkulu), ochiritsa pafupifupi khumi, otsalawo omenya. Ochiritsa awiri akajomba, gulu lonse limangokhala pakhomo kudikirira. Apa m'pomwe pali msampha, chifukwa chimakugwira si kompyuta, ndi anthu 39 amene uwakhumudwitse ukapita kukagona.

Raid imodzi imatha maola atatu kapena kuposa, makamaka gulu likadali kuphunzira. Mmodzi akalakwitsa, onse amafa. Mumathamanga ngati mizimu kubwerera, kuukitsana, kupatsananso mphamvu, kenaka kukakonzetsa zida zomwe zaonongeka, ndipo kukonzetsako kumafuna golide. Golideyo sagwa kumwamba. Masiku opanda raid umakhala ukuthyola zitsamba, kukumba miyala kapena kupha zilombo zomwezomwezo kuti ugule mankhwala oteteza ku moto omwe amafunika polimbana ndi Ragnaros, boss womaliza. Kwa ine ntchito yokonzekerayi ndiyo imadya nthawi kuposa raid yeniyeniyo, ndipo ndi yotopetsa zedi.

Ndiye pali DKP, mapointi ogawirana zida. Boss akafa amagwetsa zida zochepa chabe pakati pa anthu 40, choncho ma guild ambiri amapereka mapointi kwa amene wabwera, ndipo chida umagula ndi mapointiwo. Ukajomba, mnzako akupitirira. Komanso boss amene mwapha sabwereranso mpaka sabata itatha. Pa maseva a ku Europe zonse zimayambiranso Lachitatu. Sabata ikakudutsa, yapita.

Wosewera ali kuno kwathu ali ndi mavuto ena apadera. Maseva ali kutali, ndiye umadina batani koma munthu wako amachita mochedwerapo pang'ono, zomwe zimakwanira kukuphetsa pomwe umayenera kuthawa moto. Kusewera pakokha sikudya bandulo kwambiri. Chimamaliza bandulo ndi ma update, omwe amafika magigabaiti angapo. Magetsi akazima uli tank, anthu onse agwa nawe, n'chifukwa chake laputopu yokhala ndi batire labwino imaposa kompyuta ya patebulo.

Samalaninso ndi wotchi. Kuyambira kumapeto kwa Marichi nthawi ya seva ya ku Europe imafanana ndi ya Malawi, koma Lamulungu lomaliza la Okutobala iwo amabweza wotchi ndi ola limodzi. Raid ya 8 koloko madzulo imasanduka ya 9 koloko kuno, kutha kwake pakati pa usiku, mawa lake kuntchito 7:30.