Pulojekita ndi kamera yotembenuzidwa basi

Mtima wakhala pansi tsopano. Nkhani yonse yoponya zithunzi pa kachifanizo ka nyumba yagona apa: pulojekita ndi kamera yotembenuzidwa. Kamera imalandira kuwala, pulojekita imatulutsa, koma masamu a lenzi ndi amodzi. Ndiye m'malo mokoka ngodya za chithunzi khoma ndi khoma, mumaika kamera m'kati mwa pulogalamu pamalo pomwe pali pulojekita yeniyeni, lenzi yofanana, n'kuiuza ijambule modelo ya 3D ya nyumbayo. Chomwe yaonacho chikaponyedwa, chimagwera chokha pamalo pake.



Chimene chimazunguza anthu ndi lens offset. Mapulojekita ambiri apatebulo saponya molunjika kuchokera pakati pa lenzi, chithunzi chimakwera m'mwamba. Kamera wamba ya 3D imayang'ana pakati. Muyeze ndi tepi mmene mungathere, denga likagwirizana pansi pamathawa. Vuto si tepiyo.

CamSchnappr, chida cha mu pulogalamu ya TouchDesigner, ndi yomwe imathetsa zimenezi, ndipo kwa ine palibe njira yoiposa. Mumasankha kadontho pa modelo ya pakompyuta, n'kukakokera pa ngodya yomweyo pa kachifanizo kenikeni. Timadontho tikakwana 6, imawerengera yokha pomwe pali pulojekita, mmene yapendekera, ndi lenzi yake, offset yomwe. Koma 6 ndi poyambira chabe, ikani 10 kapena 12. Timadonthoto tisakhale pakhoma limodzi: tina kutsogolo, tina kumbuyo kwenikweni, tina pansonga ya denga, tina pansi m'mphepete mwa chithunzi. Tikakhala pamalo amodzi athyathyathya, pulogalamu ilibe podziwira kuya, ndiye khomalo lidzaoneka bwino pomwe ena onse apita kwina.

Musanakhudze kadontho kalikonse, zimitsani keystone (yowongola chithunzi chopendekera) ndi overscan (yodula m'mphepete mwa chithunzi) pa pulojekita, apo ayi chithunzi chimapindidwa kawiri. Tumizani resolution yakeyake (kuchuluka kwa ma pixel, tizidutswa topanga chithunzi), ngati ndi 1920x1080 ikhale yomweyo, ndipo scaling ya Windows (kakulitsidwe ka zinthu pa sikirini) ikhale 100%. Pulojekita iyake mphindi 20 mpaka 30 kaye, chifukwa lenzi ikatentha focus imasuntha pang'ono. Zoom mukaikhudza pambuyo pake, muyambirenso.

Onaninso masamu awa. Throw ratio (mtunda wa pulojekita kugawa ndi kutambalala kwa chithunzi) ya 1.5, chithunzi chotambalala mamita 1.2, pulojekita ikhala mamita 1.8 kuchokera pa kachifanizo. Pa 1920x1080, pixel imodzi pamenepo ndi mamilimita 0.625. Khoma la katoni likapindika mamilimita 2 okha chifukwa cha chinyezi, mwataya ma pixel atatu, ndipo mzere woyera wam'mphepete umaonekeratu kuti waphonya.

Chondinyansa n'chakuti aphunzitsi ambiri amayamba ndi kukoka ngodya zinayi pa bokosi, milungu n'kumatha. Pa bokosi zimayendadi. Kachifanizo kokhala ndi makhonde ndi madenga otsetsereka kakafika, ma slice (zidutswa za chithunzi) a mu pulogalamu ya Resolume Arena amachuluka mpaka simudziwanso kuti iyi ndi ya khoma liti, pulojekita ikagundidwa pang'ono ntchito yonse yafa. Mfundo ya kamera bwenzi atanena tsiku loyamba.

Pomwe ndikadazengereza ndi pa kachifanizo kopangidwa pamanja kosafanana ndendende ndi fayilo. Kukonza mesh (maonekedwe a modelo ya pakompyuta) kuti itsatire katoniyo ndiye njira yaukhondo, koma imadya nthawi. Kuwonjezera warp (kupinda chithunzi pokoka ngodya) pang'ono pamwamba n'kwachangu, koma ndi kubwerera komwe timathawa kuja. Mwina zimatengera kuti chionetserocho chikhala usiku umodzi kapena mwezi wathunthu, kaya.