Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Makatoni a Pansi pa Bedi

M'gawo lapitali ndinakusiyani titangosamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri, ine ndili woyembekezera mwana wachiwiri. Kumene tinachoka kunali kotakasuka, koma katundu tinabwera naye yense, osasiyako ngakhale supuni.

Anthu mukakwatirana mutakula kale, aliyense amabwera ndi zake. Tinali ndi nsimbi zitatu, yotentha imodzi yokha. Maketulo awiri. Zivindikiro za mapoto amene anabooka kalekale. Zimene zinasowa pokhala zinatsalira m'makatoni, ena pansi pa bedi, ena pamwamba pa kabati, ndipo miyezi inkangopita osawatsegula. Pokolopa ndinkangozungulira.

Anandidzutsa ndi mphemvu. Usiku ukayatsa getsi kukhitchini, zinkangoti balala! Ndinkatsuka mbale zonse ndisanagone, kupukuta patebulo, kupopera mankhwala, koma ayi ndithu. Mnzanga wina wa zaumoyo atabwera kudzandiona, sanayang'ane n'komwe kukhitchini. Anagwada n'kusuzumira pansi pa bedi.

"Achemwali, mphemvu zanu zikugona umu," anatero.

Anang'amba m'mbali mwa katoni imodzi n'kundionetsa timipata tija timakhala pakati pa mapepala ake. M'menemo ndi mofunda, mwamdima, ndipo guluu womatira katoni ndi chakudya chawo. Munali timatumba tofiirira ta mazira. Anandiuza kuti kathumba kamodzi ka mphemvu zing'onozing'ono zija kamanyamula mazira 30 mpaka 40, ndiponso kuti zitosi zake zikasakanikirana ndi fumbi zimautsa mphumu mwa ana ena. Ndinaganiza za khanda limene linali m'njira, thupi lonse linachita tsembwe.

Loweruka lotsatira tinatulutsa zonse panja. Apa m'pamene ndinawadziwa bwino bambo a kunyumba. Munthu wofatsa uja, nditangogwira katoni yawo ya zingwe, anadzambatuka.

"Mayi, zimenezo musakhudze. Zidzagwira ntchito tsiku lina."

"Tsiku liti, bambo?"

Munali machaja a mafoni amene tinasiya kale kugwiritsa ntchito, marimoti a wailesi imene tinagulitsa, ndi tochi yomwe mabatire ake anali atatuluka ufa woyera n'kudya zitsulo zam'kati. Foni ina yakale batire yake inali itatupa moti chivindikiro chinakanika kutseka. Imeneyo sanakane, poti batire yotupa imatha kuyaka, ndipo siyoponya pamoto kapena m'zinyalala wamba. Zinazo tinagwirizana kuti chingwe chilichonse achilowetse m'chipangizo chake ine ndikuona. Chopanda mwini chinapita.

Inenso ndinali ndi zanga, musaganize kuti ndinali mngelo. Madiresi odikira kuti ndidzaonde, mankhwala otha masiku m'chitini, ndi chikwama chodzaza malisiti. Ambiri mwa malisitiwo anali atayera mbee, chifukwa pepala la makina aja silikhala ndi inki yeniyeni, kutentha ndi kuwala zimafufuta zolembazo. Kuyambira pamenepo, lisiti yofunika ndimaijambula pafoni tsiku lomwelo. Zikalata zenizeni, za ukwati, za sukulu ndi za kuchipatala, zinalowa m'fayilo imodzi ya pulasitiki.

Pali malangizo amene ndimawamva kawirikawiri, akuti chilichonse chimene sunachigwiritse ntchito chaka chathunthu uchichotse. Pa zivindikiro ndi machaja ndikuvomereza. Koma m'katoni yomaliza munali makina osokera a malemu mayi anga, lamba wake woduka, chogwirira chake chitasalala pomwe dzanja lawo linkakhala. M'kabokosi kake munali choko cholembera nsalu ndi mabatani osiyanasiyana amene ankadula pa malaya akutha. Ine kusoka sindidziwa, ndipo sindikulonjeza kuti ndidzaphunzira. Bambo a kunyumba anandiyang'ana, ndipo ndinadikira kuti andibwezere funso langa lija. Sanatero. Anawanyamula, kuwapukuta, n'kuwaika pashelefu pabalaza. Kwa ine nkhani inagona apa: chinthu ngati ukuchikondadi, chikhale poonekera, uzichipukuta fumbi. Chimene ukuchibisa pansi pa bedi ndiye kuti ukungozengereza kuchiweruza.

Zotsala zinayenda msanga. Zabwinobwino tinapatsa anthu, nsimbi ziwiri zija anatenga wokonza zamagetsi kuti achotsemo zipangizo, makatoni onse anatuluka. Zoyenera kusunga zinalowa m'mabokosi a pulasitiki otseka bwino, lililonse litalembedwa pamwamba. Makiyi anapeza msomali wawo kuseri kwa chitseko, ndipo mkangano wa m'mawa uliwonse unathera pomwepo. Mphemvu sizinathe tsiku limodzi, koma mankhwala aja anayamba kumveka.

Tinali tisanakhudze n'komwe kabati ya kukhitchini pamene msana unayamba kundiwawa mwachilendo, kutatsala milungu kuti tsiku lake lifike. Za usiku umenewo, ndi mmene tinasowera galimoto, ndikuuzani m'gawo 10.