limits.h alipo awiri, ndipo anachita dala

Mtima wakhala m'malo tsopano. Nkhani ya mafayilo a header, aja a .h amene timaitana ndi #include m'chinenero cha pakompyuta cha C, imene yakhala ikundizunguza mutu yamveka, ndipo zonse zagona pa lamulo lotchedwa #include_next.

 Chimene chinkandivuta n'chakuti pa Linux limits.h, header yosunga malire a manambala ndi zina, alipo awiri. Wina ndi wa GCC, compiler yomasulira kodi yako kuti kompyuta imve, amakhala mu foda ya compiler, wina ndi wa glibc, laibulale ya C ya pa Linux, mu /usr/include. Ukangoona umati pali amene anasokoneza, koma ayi. GCC ndiye amadziwa kukula kwa int pa purosesa yako, choncho INT_MAX (nambala yaikulu kwambiri ya int) ndi CHAR_BIT (ma bit a mu char) amachokera kwa iye. Za Linux amadziwa ndi glibc, n'chifukwa chake PATH_MAX, malire a kutalika kwa njira ya fayilo, ija ya 4096, imadzera kwa iye. Aliyense ali ndi theka lake. Compiler ikapeza fayilo yoyamba, #include_next imaiuza kuti ifunenso ina ya dzina lomwelo, koma iyambire pa foda yotsatira mu mndandanda wa mafoda amene imafufuzamo ma header, isabwerere m'mbuyo.

Isabwerere m'mbuyo. Apa m'pamene panali mfundo yonse.

Kuyambira GCC 6, ya mu 2016, fayilo ya C++ yotchedwa cstdlib imatenga stdlib.h kudzera mu #include_next. Ndiye wina akalemba -isystem /usr/include (-isystem imawonjezera foda mu mndandanda uja) mu Makefile, fayilo ya malangizo omangira pulogalamu, foda ija imachoka kumapeto n'kukakhala kumayambiriro, mafoda a C++ asanafike. Pamene cstdlib ikuti funa kutsogoloku, /usr/include yatsala kale m'mbuyo, ndipo compiler imadandaula kuti stdlib.h kulibe, fayiloyo iwe ukuiona ndi maso ako. Mankhwala ake n'kungochotsa -isystem ija, osati kukopera mafayilo uku ndi uku monga ena amalangizira. Chodabwitsa, -I/usr/include, njira ina yowonjezerera foda, sabweretsa vutoli, GCC amangoinyalanyaza poti ndi foda yomwe akuidziwa kale.

Ine pano chilichonse ndikuyambira pa gcc -H. Amakusonyeza fayilo iliyonse imene yatsegulidwa, ndipo timadontho takumanzere timakuuza kuti yaitanidwa ndi iti. Ukawonjezerapo gcc -E -v -x c /dev/null kuti uone mndandanda wa mafoda, basi, sindikuona vuto la header limene lingabisale. Ena ati ndikukokomeza, kaya, koma kwa ine -H anayenera kuphunzitsidwa printf, ija yolembera mawu pa sikirini, asanafike.

Ndipo apa m'pamene aphunzitsi amandikwiyitsa. M'kalasi anangoti #include <stdio.h> ndi mzere woika pamwamba, tipitirire. Temu yonse tinathera pa ma loop ojambula nyenyezi pa sikirini, koma zoti stddef.h ndi stdarg.h sizichokera kwa glibc n'komwe, kuti ndi za compiler, palibe anatchulapo. Mwina nthawi inawachepera, silabasi ndi yaitali. Komabe mphindi zochepa zikanakwana, m'malo moti munthu uziwerenga mafayilo a glibc usiku, magetsi atathima, batire ya laputopu ikutha.

Pamene ndaima ndi pa musl, laibulale ina ya C yogwira ntchito m'malo mwa glibc. Iyo imabwera ndi stddef.h ndi stdarg.h zakezake, ndipo musl-gcc, yoyendetsa GCC ndi musl, amagwiritsa ntchito -nostdinc, yochotsa mafoda a nthawi zonse, n'kuika foda ya musl patsogolo pa ya GCC. Ndiye kugawana ntchito kuja sikuti ndi lamulo, ndi mmene glibc anasankhira. Tsiku lina ndimaona ngati njira ya musl ndi yaukhondo, zonse pamalo amodzi. Tsiku lina ndimati za va_list, ya mu stdarg.h, ndi bwino kumusiyira mwini wake compiler. Kaya, ndikadali pakati.