Lachitatu: tepi ya atelala pa thunthu la mbawa

Lero ndinalowa m'kalasi nditanyamula chitini cha koko chopanda kanthu ndi tepi yomwe ndinabwereka kwa atelala a pafupi ndi kwathu ku Chilomoni. Phunziro la mitengo ndi mpweya sindinafune kuti lithere pa bolodi.

Tinayambira pa chitinicho. Koko wambiri pa dziko lapansi amachokera ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, ndipo ngakhale ku Kyela, kungowoloka Songwe kuchokera ku Karonga, amalima. Kwawo kwa mtengowu ndi nkhalango ya Amazon, kunsi kwa mitengo ikuluikulu, n'chifukwa chake mthunzi suwudana nawo. Ku Cameroon ndi ku Bahia ku Brazil alimi ambiri amaudzala pansi pa mitengo yachilengedwe. Mitengo imakoka kaboni mumpweya n'kumusunga m'thupi mwake, ndipo chomwe chimandigwira mtima n'chakuti m'munda wotere kaboni wochuluka sakhala mu koko, poti ndi kamtengo kakafupi. Amakhala m'mathunthu a mitengo ya mthunzi ija, m'mizu ndi m'nthaka. Mlimi akaigwetsa kuti koko abereke msanga padzuwa, waphwasula nkhokwe yomwe inadzala kwa zaka zambiri.

Kenako tinatuluka kupita pa mbawa ya kuseri kwa kalasi. Akatswiri amayeza thunthu pa msinkhu wa chifuwa, mamita 1.3 kuchokera pansi, ndipo kunenepa kwake ndiko kumawathandiza kuwerengera kulemera kwa mtengo wonse. Tepi yathu inaperewera. Ana anachita kuchonga ndi choko pomwe yathera n'kuyambiranso, linthumbwi likuwakwera m'manja.

Mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga kaboniyo ali pati? Ine ndikungoona khungwa." Funso limeneli linandikondweretsa kwambiri. Ndinamuuza kuti nkhuni ikauma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni yemwe masamba anakoka mumlengalenga, ndipo makala a pa mbaula kwawo ndi kaboni yemweyo. Kilogalamu imodzi ya kaboni ikapsa imatulutsa mpweya woipa pafupifupi makilogalamu 3.7. Anakhala chete, dzanja lili pa khungwa.

Poweruka ndinakumana ndi njinga zodzaza matumba a makala, eni ake thukuta lili kamukamu. Sindiwaweruza, nanenso usiku uno ndaphikira makala. Koma nditakweza maso kuona phiri la Ndirande lili mbee, ndinakumbuka matope a ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, mtima unawawa.

Tepi sindinabweze. Ndapempha atelala kuti andisiyire mpaka Lachisanu, tiyezenso mango ndi bulugamu.