Mmene Ndinkapezera Pogona Ndili pa Njinga Kuchoka ku Karonga Kupita ku Mbeya

Munthu wofuna kupalasa njinga kuchoka ku Karonga kukafika ku Mbeya m'dziko la Tanzania asadere nkhawa kwambiri za pachipata cha Songwe, chifukwa pamenepo zinthu zimayenda mosavuta. Kuchoka ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 45 opanda zitunda, ndipo popeza Mmalawi safunika viza, ine ndinangodinditsa pasipoti mbali yathu, n'kukankha njinga pamlatho, n'kukadinditsanso ku Kasumulu. Chiphaso cha katemera wa yellow fever chizikhala pafupi, chifukwa nthawi zina amachifunsa. Ndinasinthanso makwacha kukhala mashilingi ndi kupititsa wotchi patsogolo ndi ola limodzi.

Ntchito yeniyeni imayambira patsidya. Chigwa cha Kyela, chotchuka ndi mpunga, chili pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Tukuyu ali pa mamita pafupifupi 1,500, ndipo msewu umakwerabe kupitirira mamita 2,000 usanatsetsereke ku Uyole, pafupi ndi Mbeya. Ndi katundu pakaliyala, wopalasa sangalonjeze kuti dzuwa likamalowa adzakhala atafika patauni pamene pali nyumba zogona alendo, choncho ndinayenera kudziwa kapemphedwe ka malo m'midzi ya eni.

Choyamba ndinkaima kudakali kowala, mwina cha m'ma 4 koloko, chifukwa mlendo wofika mumdima amakayikitsa ngakhale anthu amtima wabwino. Ndinkatsamiritsa njinga pagolosale, kugula tiyi ndi mandazi, n'kupereka moni mosafulumira. Kwa akuluakulu moni wake ndi "shikamoo", ndipo amene amamva Chingonde cha ku Karonga savutika m'derali, pakuti Chinyakyusa n'chofanana nacho kwambiri. Pokhapokha macheza atakhazikika m'pamene ndinkatchula za pogona.

Apa m'pamene Mmalawi ayenera kusamala. Kwathu timafunsa kwa amfumu, koma ku Tanzania mphamvu za mafumu zinathetsedwa mu 1963, ndipo woyang'anira mudzi ndi wapampando wochita kusankhidwa, amene amamutcha mwenyekiti wa kijiji. Pamudzi wina wa m'boma la Rungwe, pakati pa minda ya tiyi ndi nthochi, mwini golosale anatuma kamnyamata kuti kandiperekeze kwa wapampandoyo. Bambowo anayang'ana pasipoti yanga tsamba ndi tsamba, anandifunsa kumene ndachokera ndi kumene ndikulowera, kenaka analemba dzina langa m'buku la alendo. Ena amaona ngati kumeneku n'kutaya nthawi, koma ine ndimakuyamikira, chifukwa ukalembedwa m'buku umakhala mlendo wa mudzi wonse, ndipo palibe angakhudze njinga yako.

Ndinapempha kadanga kokhomapo tenti basi, pofuna kuti ndisalemetse munthu. Wapampandoyo anayang'ana kumwamba, nanena kuti mvula ya ku Rungwe siseweretsa, ndipo anandipereka kwa banja lina loyandikana naye. Mayi a pakhomopo anayamba anditenthetsera madzi osamba, kenaka anabwera ndi beseni ndi jagi n'kundithirira madzi m'manja, asanavundukule mbale ya nthochi zophika ndi nyemba. Njinga anailowetsa m'chipinda chimene amasungiramo matumba a chimanga, ana atatha kupima matayala ndi zala ndi kuliza belu mokwanira.

Nkhani yovuta ndi ya malipiro. Kutulutsa ndalama pamaso pa anthu amene akulandira mwaulemu kungaoneke ngati ukuyesa nyumba yawo resitihausi, komanso kunyamuka chimanjamanja utadya chakudya cha ana awo si khalidwe. Ine ndinkabwerera kugolosale m'mawa n'kukagula shuga, sopo ndi mafuta ophikira, ndipo ndinkapereka kwa mayi a pakhomo ndi manja awiri. Ndinkalawiranso usiku womwewo kuti ndinyamuka m'mamawa, paja mlendo ndi mame, ndipo anthu akumudzi ali ndi minda yowadikira.

Ndisanakwere njinga ndinapita kukatsanzika kwa wapampando, amene anandilembera nambala yake ya foni papepala kuti ndimuimbire ngati wina angandivutitse m'njira. Anandichenjezanso kuti ndimange bwino mabuleki ndisanayambe mtsetse wa ku Uyole, kumene msewuwu umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Dar es Salaam kupita ku Zambia, wodzaza ndi malole.