Joni ali pafupi, kutali ndi ku Lumbadzi

Mwezi wathawu ndinaperekeza amayi kukakwera ndege ya ku Johannesburg. Mchemwali wanga amene amakhala kumeneko anachira, mwana wamkazi, ndiye anatumiza tikiti pa WhatsApp kuti agogo akaone mdzukulu.

Nditawawerengera kuti mumlengalenga akhalamo maola awiri ndi theka, anandiuza kuti ndiwerengenso bwinobwino. Joni amene iwo amamudziwa ndi wa pa basi: kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, kenako mzere wa pa Beitbridge, munthu n'kukafika patatha masiku awiri miyendo itatupa. "Iwe, ndiye kuti Joni ali pafupi kuposa Lilongwe?" Ndinaseka, koma kwa ife a ku Mzuzu funso limeneli si lachibwana.

Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu kukafika pa bwalo la OR Tambo ku Joni ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndege ikalunjika osatera kaye pa Chileka. Ikakwera n'kukhazikika imathamanga makilomita 800 pa ola kapena kuposerapo, ndipo nthawi yotsalayo imathera ponyamuka ndi potera. Pamene ife, makilomita 300 ndi kenakake a mu M1 anatidyera maola asanu ndi limodzi. Bwalo la ndege tili nalo pakati penipeni pa tauni, timalidutsa tsiku ndi tsiku, koma msewu wake woterapo ndi waufupi, ndege zikuluzikulu za kunja sizingatere.

Tinanyamuka dzulo lake, poopa kuti basi ikafa panjira tikiti ipsa. Ku Chikangawa kunali nkhungu yoti dalaivala ankangokwawa, amayi atadzifunditsa zitenje ziwiri, kachikwama ka pasipoti atakapanira kukhwapa. Pa Jenda anagula nthochi, pa Kasungu anagona. Chomwe chinatithandiza n'chakuti bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, ukamachokera kumpoto umafikako usanalowe mumzinda, ndiye tinatsikira pomwepo n'kugona kwa msuweni.

M'mawa mwake nkhani inali ya sikelo. Ufa, usipa wa ku Nkhata Bay, mpunga wa Kilombero, zonsezi akuti mwana wawo wazisowa. Katundu anapitirira, ufa wina ndinabwerera nawo ine. Kudikira pabwalopo kunatenganso maola atatu, kuposa ulendo weniweniwo.

Ndege itanyamuka ndinapita kumsewu kukadikira basi yobwerera. Malawi ndi South Africa wotchi ndi imodzi, choncho ndinkangoyang'ana foni n'kumawerengera kuti pano ali pati. Tikuyandikira pa Jenda foni inalira. Anali amayi, mawu ali gwa, kamwana kakulira chapafupi.

"Ife tafika kalekale, tamwa ndi tiyi yemwe. Iwe uli kunyumba?"

Ndinawauza kuti Chikangawa sindinayiyambe n'komwe, ndipo thumba lawo la ufa lili pamiyendo panga.